Mtengo Wamphako M'nkhalango Yamatabwa

Woyang'anira nkhalango akamayenda pakati pa mitengo atanyamula chitini cha penti, amakhala akugamula milandu. Mtengo umene waupaka mzere wofiira ndiye kuti macheka aupeza chisanu chisanathe, ndipo umene waudutsa wapatsidwa zaka zina zoti ukule. Ku Germany, kumene maphunziro a zankhalango anakhazikika kalekale, diso la munthu ameneyu lakhala likuphunzitsidwa kukonda mtengo wowongoka, wopanda mfundo, wa khungwa losalala, ndi kuchotsa msanga wokhota, wong'aluka, wa mphanda kapena wobooledwa ndi gogomole, kuti usaphimbe anzake abwino. Nzeru imeneyi ili ndi mbiri yolemekezeka. Mu 1713 Hans Carl von Carlowitz, yemwe ankayang'anira migodi ku Saxony ndipo ankaona mitengo ikuthera m'ng'anjo zosungunulira miyala, analemba kuti munthu asamadule yoposa imene ikumera, ndipo ganizo limenelo linathandiza kubwezeretsa nkhalango za ku Germany, zomwe lero zikuphimba pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka yake. Koma Carlowitz ankawerengera matabwa ndi nkhuni. Mtengo umene diso la katswiri limaukana ndi womwewo umene mleme wa m'nkhalango umaudalira kuti ubereke ndi kulera mwana. N'chifukwa chake ndikuona kuti moyo wa mileme imeneyi uli m'chitini cha penti chija kuposa mmene ulili m'mapaki kapena m'mabokosi opachika m'mitengo, ndipo ngati tikufuna kuiteteza tiyenera kusintha zimene munthu wa pentiyo amaona akaima patsinde pa mtengo wolumala.

Mleme umene ukuonetsa bwino nkhaniyi umatchedwa mleme wa Bechstein, ndipo dzina lakelo linachokera kwa munthu wa zankhalango. Johann Matthäus Bechstein, yemwe anabadwa mu 1757, ankaphunzitsa achinyamata ntchito yosamalira nkhalango ku Thuringia, ndipo anali mmodzi mwa oyambirira kulemba kuti mileme isamaphedwe poti imadya tizilombo towononga mitengo. Heinrich Kuhl ndiye anapatsa kanyamaka dzina la mphunzitsiyo mu 1817. Kamalemera magalamu pafupifupi 10, ngati shuga wa masupuni aang'ono awiri, koma makutu ake ndi aatali masentimita oposa 2, moti ukawapinda amapitirira mphuno. Makutuwo ndiwo khasu lake. Mileme yambiri imathamangitsa tizilombo mumlengalenga, koma uwu umauluka pang'onopang'ono pakati pa masamba, n'kumamvetsera phokoso la kangaude akuyenda kapena njenjete ikugwedeza mapiko, kenako n'kutola chakudyacho pa tsamba penipenipo, nthawi zina ngakhale pansi pa zinyalala za masamba. Kusaka kotereku kumafuna nkhalango yothithikana, ya mitengo ikuluikulu ya oak ndi beech yokhala ndi timitengo tina kunsi kwake, ndipo mlemewu suuluka kutali. Waukazi aliyense ali ndi kadera kake kosakako, kawirikawiri kosapitirira kilomita imodzi kuchokera pogona, ndipo amabwerera ku kadera komweko chaka ndi chaka. Pakati pa dera lonse limene mtunduwu umapezeka padziko lapansi pali Germany, choncho zimene ocheka matabwa a kumeneko amachita zimakhudza mtundu wonse.

Zambiri zimene tikudziwa za moyo wa mileme imeneyi zachokera kwa Gerald Kerth ndi anzake, omwe kuyambira m'zaka za m'ma 1990 akhala akutsatira magulu ake m'nkhalango za pafupi ndi Würzburg. Amaika kachipangizo kofanana ndi njere ya mpunga pansi pa khungu la mleme uliwonse, ndipo makina oikidwa pakhomo pa chisa amalemba yemwe walowa ndi nthawi yake. Zimene anapeza ziyenera kusintha maganizo a aliyense wogwira macheka. Gulu lobereka limakhala la zazikazi zokhazokha, kuyambira khumi kufikira makumi anayi ndi mphambu, agogo, amayi ndi ana awo aakazi, ndipo mwana wamkazi sachoka m'gulu limene anabadwira. Ndi mbumba yeniyeni, yokhala pa nthaka ya amayi ake. Koma mbumba imeneyi sigona nyumba imodzi. Pakapita masiku awiri kapena atatu imasamuka, nthawi zina yonse pamodzi, nthawi zina n'kugawikana timagulu tomwe tidzakumanenso mawa kapena mkuja, moti m'chilimwe chimodzi gulu limodzi likhoza kugona m'malo okwana 50. Kusamukaku kuli ndi zifukwa zake. Nyengo yofunda ikamangoyamba, zazikazi zimasankha mphako zozizira kuti thupi lizizire ndi kusunga mphamvu, koma ana akabadwa mu Juni kapena Julayi zimafuna mphako zotentha kuti anawo akule msanga. Palinso kantchentche kopanda mapiko koyamwa magazi, komwe kamamata ana ake pa khoma la mphako. Anawo amaswa pakapita milungu ingapo, ndipo mileme imapewa kubwerera ku mphako imene yangochokamo kufikira ngozi itachepa. Ife timati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo kwa munthu wosakhazikika mawuwo ndi oona. Kwa mleme uwu chovumbwitsa ndi phanga limodzi, chifukwa ukakakamizidwa kukhala pamodzimodzi umadyedwa ndi tizilombo, umazizidwa pamene ukufuna kufunda, ndipo kadzidzi kapena kanyama kokwera mitengo sikachedwa kuphunzira khomo lake.

Apa ndi pamene lamulo, ngakhale lili lolimba papepala, limaperewera. Lamulo la European Union la 1992 loteteza malo okhala zamoyo limaletsa kupha mleme wa mtundu uliwonse ndiponso kuwononga malo ake oberekera kapena opumulira, ndipo mu 2020, pa mlandu wa kanyama kena kokumba mauna mumzinda wa Vienna, khoti la mgwirizanowo linagamula kuti malo otere amatetezedwabe ngakhale mwini wake atachokapo, malinga ngati zikuoneka kuti adzabwerera. Chigamulo chimenecho n'chabwino. Koma lamulo limateteza chimene chadziwika, ndipo khomo la mphako ya gogomole ndi kabowo ka masentimita 5, komwe kali mamita 10 kapena 15 m'mwamba, kobisika ndi nthambi. Munthu wa penti amadutsa masana, kawirikawiri masamba atayoyoka, pamene mileme ya Bechstein yapita kukabisalira chisanu kwina, mwina m'mapanga ndi m'migodi yakale. Ambiri amaganiza kuti kudula m'nyengo yachisanu kumathetsa vuto, poti palibe mwana amene akugwa ndi mtengo. Kumachepetsadi imfa za tsiku lomwelo, ngakhale pali mitundu ina ya mileme imene imagonera chisanu chonse m'mphako momwemo. Koma mbumba ikabwerera mu Epulo n'kupeza kuti mwa nyumba zake 40 zatsala 12, palibe mtembo woti wina autole n'kupita nawo ku khoti, pamene gululo lavulazidwa ndithu. Ndipo silichira msanga. Waukazi amabereka mwana mmodzi pachaka, zaka zina osabereka n'komwe, ndipo chimene chimasunga mtunduwu ndi kutalika kwa moyo wake, womwe ukhoza kufika zaka 21. Nyama yobereka motere ikayamba kuchepa, imachepa mwakachetechete kwa zaka zambiri anthu asanazindikire, ndipo akamazindikira amapeza kuti chowononga chinachitika m'nthawi ya woyang'anira yemwe anapuma kale pantchito.

Tiyenera kufunsanso kuti mphako imachokera kuti, poti mleme suboola mtengo. Zimayamba ndi bala: nthambi yathyoka ndi mphepo, mphezi yang'amba khungwa, kapena mtengo wina pakugwa wakhula mnzake. Bowa amalowa pabalapo n'kuyamba kufewetsa mtima wa mtengo kwa zaka zambiri. Gogomole akagogoda n'kumva kuti mkati mwafewa, amaboola chisa chake, amaswa ana, chaka chamawa n'kukaboola pena. Bowa amapitiriza kudya denga la chisacho kukwera m'mwamba mpaka pamakhala kachipinda pamwamba pa khomo, kouma ndi kofunda, ndipo m'kachipinda kameneko ndi mmene mileme imadzalendewera mothithikana, ndowe zake n'kumagwera pansi pa mphako. Ntchito yonseyi imafuna mtengo wonenepa ndi wokalamba. Mtengo wa beech ukasiyidwa umatha kukhala zaka 300, koma m'nkhalango yamalonda umadulidwa uli ndi zaka 120 kapena 140, mtima wake usanayambe kufiira ndi kutsitsa mtengo wake pamsika. Ndiye kuti umachotsedwa pa msinkhu womwe ukanayamba kukhala nyumba. Mleme wina wa m'nkhalango zomwezi, wotchedwa barbastelle, zake n'zovuta koposa, chifukwa umabisala kuseri kwa khungwa lomwe layamba kusendeka pa mtengo wouma, ndipo khungwa lotere likhoza kugwa ndi mvula imodzi yamkuntho. Chilala cha 2018 kufikira 2020 chitaumitsa mitengo yambirimbiri ku Germany, chizolowezi chochotsa mwachangu chilichonse chouma chinachotsanso nyumba zimene chilalacho chinali chitangomanga.

Kodi n'zotheka kucheka matabwa n'kusiyabe mudzi wa mileme uli chilili? Yankho limene ndimalikhulupirira kwambiri likuchokera ku Ebrach, m'mapiri a Steigerwald kumpoto kwa Bavaria, kumene kuli nkhalango ya boma ya mahekitala pafupifupi 17,000 yozungulira nyumba yakale ya amonke yomwe inakhazikitsidwa mu 1127. Nkhalangoyi ndi yamalonda: imagulitsa zipika kwa ocheka matabwa ndi nkhuni kwa anthu a m'midzi yoyandikana nayo. Ulrich Mergner atayamba kuiyang'anira mu 2005, iye ndi anzake anakonza njira imene amaifanizira ndi miyala yopondapo powoloka mtsinje. Pali madera angapo aakulu amene macheka salowamo. Pakati pake pamwazikana timadera ting'onoting'ono toposa 200 tosiyidwanso, tina tosakwana hekitala imodzi. Ndipo m'nkhalango yonse yotsalayo, mmene mathirakitala amakokamo zipika chaka chilichonse, cholinga ndi chakuti pa hekitala iliyonse pakhale mitengo 10 yolumala yomwe sidzadulidwa mpaka idzagwe yokha n'kuolera pomwepo. Mitengo imeneyi imajambulidwa mzere wokhotakhota ngati njoka kuti wamacheka aidutse. Mtengo wa beech ukanenepa kupitirira masentimita 80 umasiyidwanso, ndipo nsonga za mitengo yodulidwa zimasiyidwa pansi kuti ziole. Chimene chimandikopa m'njira imeneyi si chiwerengero cha 10 ayi, koma kuti chitini cha penti chapatsidwa ntchito yachiwiri. Munthu yemwe kale ankaima patsinde pa mtengo wong'aluka n'kuona chilema, tsopano amaima pomwepo n'kufunsa ngati mtengowo ungapindule kwambiri ukaimirira kapena ukagona pa lole. Amasankhanso mitengo ing'onoing'ono yolumala, ya zaka 40 kapena 60, kuti isachotsedwe popatulira, poti ndiyo idzalowe m'malo mwa ikuluikulu ikadzagwa. M'mera mpoyamba, ndipo mphako ya m'chaka cha 2090 ikupulumutsidwa kapena kuphedwa lero, pa kamtengo kokhota komwe munthu wophunzitsidwa mwakale akanakachotsa osaganiza kawiri.

Mwini nkhalango adzafunsa za ndalama, ndipo funso lake n'loyenera, makamaka poti pafupifupi theka la nkhalango za ku Germany ndi za anthu wamba, ambiri a iwo okhala ndi timahekitala tochepa. Mtengo uliwonse wosiyidwa ndi ndalama yosalowa m'thumba, komanso umalanda malo pomwe pakanakula mtengo wogulitsa. Komabe tikayang'anitsitsa, mitengo imene mileme imafuna ndi yomweyo imene msika umaipeputsa. Chipika chowongoka cha oak, chopanda banga, chimagulidwa ndalama zambiri ndi opanga mipando ndi migolo ya vinyo, pamene chipika chobooka ndi choola mkati chimangopita ku nkhuni kapena ku fakitale yopera mitengo, ndipo ukachotsera mtengo wodula ndi kukoka, phindu lake limakhala lochepa. Kutaya kulipo, sindikukana, ndipo kumapweteka pamene gogomole waboola pamwamba pa mtengo womwe tsinde lake likadali labwino. Pamenepo ndi pomwe boma liyenera kulipira, monga Bavaria imachitira kwa eni nkhalango amene avomera kusiya mitengo yotere. Pali umboni woti mileme imabwezako kena kake. Ofufuza ku Germany anaphimba nthambi za mitengo ya oak ndi maukonde kuti mbalame ndi mileme zisafikeko, ndipo masamba ake anadyedwa kwambiri ndi tizilombo kuposa a mitengo yosaphimbidwa. Ku Indiana, m'dziko la America, anachita zofananazo usiku wokhawokha pa timitengo tophukira kumene, ndipo topanda mileme tinali ndi tizilombo tochuluka katatu. M'minda ya paini ya kummwera chakumadzulo kwa France, mileme imachuluka ndi kudya kwambiri pamene njenjete yowononga paini yatuluka. Zonsezi n'zoona, koma sindikufuna kumangira mlandu wonse pa izo, chifukwa tsiku lina wina adzawerengera n'kupeza kuti mankhwala opopera ndi otchipa kuposa mileme, ndipo tidzasowa chonena. Chifukwa chachikulu n'chakuti nkhalango yomwe munthu akudulamo matabwa sinasiye kukhala malo a zamoyo zina zomwe anazipezamo, ndipo mwayi wodula umabwera ndi udindo wosathetsa mtundu wa nyama kaamba ka nkhuni za mtengo wotsika.

Ena amati tingodula n'kupachika mabokosi, poti bokosi la simenti yosakaniza ndi utuchi n'lotchipa ndipo mileme imalowamo. Imalowamodi, ndipo chilungamo chikufuna kuti ndinene kuti kafukufuku wa Kerth uja anatheka makamaka chifukwa magulu a ku Würzburg anazolowera mabokosi. Koma kumeneko mabokosi ndi ambiri, akhalapo zaka zambiri, amasamalidwa chaka chilichonse, ndipo ali m'nkhalango yomwe ikadali ndi mphako zachilengedwe ndi chakudya. Akatswiri ku Bavaria atawunika mabokosi zikwi zingapo opachikidwa m'malo osiyanasiyana, anapeza kuti ndi m'malo ochepa okha mmene magulu obereka anakhazikika, ndipo kumene mileme sinkawadziwa kale mabokosi pankapita zaka zambiri isanayambe kulowamo. Gulu limene nyumba zake zagwetsedwa mu Januwale silingadikire zaka zimenezo. Bokosi limafunanso munthu wokwera makwerero kukachotsa zisa za mavu ndi za mbalame, ndipo ndalama za pulojekiti zikatha munthuyo sabweranso. Mtengo wamphako sufuna malipiro, ndipo mleme ukachokamo mumalowa njuchi, kadzidzi, tizilombo tokhala m'fumbi la mtengo woola, chilichonse pa nthawi yake. Bokosi ndi lothandiza ngati msasa wa pa ulendo, pamene mitengo yosiyidwa ikukula. Likasanduka chilolezo chodulira mtengo wa zaka 180, lakhala chophimba m'maso.

Pali nkhawa ina yomwe sifuna mawu ambiri koma siyenera kunyozedwa: mtengo wouma umapha. Nthambi yoola ikhoza kugwera wamacheka pamene mtengo woyandikana nawo ukugwa. Yankho lake ndi kusiya mitengo yotere m'magulumagulu, kutali ndi misewu ndi njira za anthu, kuilemba pa mapu, ndi kugwetsa yoyandikana nayo pogwiritsa ntchito zingwe kapena zipangizo zoyendetsedwa munthu ali patali. Kusiya m'magulu kumakomeranso mileme, chifukwa mayi wonyamula mwana pamimba sasamuka mtunda wautali.

Kutsutsa kolemera kwambiri sikuchokera kwa amalonda, koma kwa okonda chilengedwe anzanga. Iwo amati njira ya ku Ebrach ndi mankhwala oziziritsa mitima, operekedwa kuti boma lisakhazikitse paki yeniyeni. Mawu awo ali ndi maziko. Kuyambira 2007 anthu a ku Steigerwald akhala akukangana ngati gawo la nkhalangoyo lisanduke paki ya dziko, mabungwe a zachilengedwe akufuna, ocheka matabwa ndi alimi ambiri akukana. Mu 2014 boma la dera la Bamberg linateteza mahekitala pafupifupi 775 a nkhalango yotchedwa Hoher Buchener Wald, koma chaka chotsatira chitetezocho chinachotsedwa, ndipo njira ya miyala yopondapo yakhala ikutchulidwa ngati umboni woti paki n'njosafunika. Pamenepa ndikugwirizana ndi otsutsawo: kugwiritsa ntchito njirayi motero n'kulakwa. Pali zinthu zimene nkhalango yaikulu yosiyidwa yokha ingatiphunzitse, ndipo popanda iyo tilibe muyeso woti tidziwire kuti nkhalango yamalonda yataya zochuluka bwanji. N'zoonanso kuti umboni wolimba wa ku Ebrach ukukhudza kwambiri bowa ndi tizilombo tokhala m'mitengo yoola, ndipo mitengo 10 yoima payokhayokha pamalo pomwe ina yonse yapululidwa si mudzi wa mleme wosaka m'masamba. Markus Dietz, yemwe watsatira mileme ya Bechstein kwa zaka zambiri ku Hesse, wakhala akutsindika kuti denga la masamba liyenera kukhalabe lotsekeka m'dera lomwe gulu limagona ndi kusaka, ndiye kuti kadulidwe kameneko kayenera kukhala kapang'onopang'ono, mtengo uno lero, wina zaka zikubwerazo. Koma nditavomera zonsezi, masamu sakusintha. Mu 2007 boma la Germany linalonjeza kuti pofika 2020 magawo 5 pa 100 alionse a nkhalango zake adzakhala osiyidwa kwa chilengedwe, ndipo chakacho chitafika anali pafupifupi 3. Ngakhale lonjezolo litakwaniritsidwa mawa, magawo 95 adzakhalabe pansi pa macheka. Mbawala ikhoza kuthawira ku paki, koma mbumba ya mileme ya Bechstein siidziwa njira ya kumeneko ndipo siifuna. Imakhala pomwe agogo ake anakhala, ndipo ngati pamalopo pagwera m'nkhalango yamalonda, monga zilili ndi magulu ochuluka, ndiye kuti idzapulumukira pomwepo kapena kuthera pomwepo. Amene akumenyera paki apitirize, koma asanyoze ntchito ya munthu wa penti ngati kuti ndi yachabechabe, pakuti kumeneko n'kusiya nyama zambiri m'manja mwa yemwe wauzidwa kuti zochita zake zilibe kanthu.

Nkhaniyi ikutikhudzanso kwathu kuno. Ku Malawi kuli mitundu ya mileme yoposa 60, ndipo yambiri imagona m'mphako, kuseri kwa makungwa kapena m'masamba. Nkhalango zathu zamalonda n'zosiyana ndi za ku Bavaria. Chikangawa, pa mapiri a Viphya, inabzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000, makamaka a paini, poyembekezera fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe, ndipo paini kapena bulugamu wodulidwa asanakwane zaka 30 sakhala ndi nthawi yochita mphako. Choncho sitingatengere chiwerengero cha ku Ebrach n'kuchiika pa mizere ya paini. Chimene chikugwirizana ndi nkhani yathu ndi mitengo yachilengedwe yotsalira m'mphepete mwa timitsinje ndi m'zigwa za m'minda ya mitengoyi, ku Viphya, ku Zomba kapena ku Dedza: mkuyu wakale, katope, mbawa yobooka imene wocheka anaikana. Imeneyo ndiyo miyala yathu yopondapo, ndipo ndi yomwe imayamba kupsa moto ukalowa kapena kugwa pamene paini watha ndipo anthu akusaka nkhuni ndi makala. Kampani yopatsidwa chilolezo chodula ikhoza kulembedwa m'pangano lake kuti mitengo imeneyi ndi yosayenera kukhudzidwa ndipo iyenera kulambulidwira njira zotchinga moto monga zimachitikira ndi paini. Mantha amene ambiri tili nawo pa mileme, kaya a matenda kaya a zamatsenga, sasintha kanthu pamenepa. Mleme sugwiridwa ndi manja, ndipo wolumidwa aliyense amafuna chipatala msanga chifukwa cha chiwewe, koma mleme wokhala ndi mphako yake kumtsinje ndi womwe ulibe chifukwa chosamukira kudenga la sukulu kapena la nyumba.

Chofooka chenicheni cha njira imene ndikuikira kumbuyoyi ndi nthawi, ndipo ndi pamene ndikuona kuti ntchito ikadalipo. Penti wa pa khungwa amafufutika pakapita zaka zochepa. Pangano limene Bavaria imachita ndi mwini nkhalango kuti asiye mtengo limatha pakapita zaka 12, pamene mleme umene wabadwira m'mtengomo ukhoza kukhala ukuberekabe, ndipo mtengowo utanenepa kale moti wogula nkhuni akuuyang'ana. Woyang'anira amapuma pantchito, wina amabwera ndi mabuku ofuna phindu la chaka chino, mtengo wa nkhuni umakwera monga unachitira ku Europe mu 2022 gasi atasowa, ndipo chipika chobooka chomwe dzulo chinali chopanda ntchito chimayamba kuoneka ngati ndalama. Paki ili ndi malire olembedwa m'malamulo, pamene mtengo wa mzere wokhotakhota umadalira chikumbumtima cha anthu osinthanasinthana kwa zaka 100. N'chifukwa chake mtengo uliwonse wosiyidwa uyenera kulowa m'kaundula wa nkhalango ndi malo ake enieni pa mapu, monga zimakhalira ndi misewu ndi milatho, ndipo malipiro ake akhale a moyo wonse wa mtengowo kufikira utagwa. Mabungwe opereka ziphaso za matabwa osamala chilengedwe asamangowerenga mitengo yopakidwa penti, poti penti ndi wosavuta kupaka. Atumize anthu osadalira kampaniyo, m'mwezi wa Julayi, akaime pansi pa mitengo dzuwa litangolowa n'kuwerenga zazikazi zikutuluka pakhomo imodziimodzi, ndipo abwerenso pakapita zaka zisanu kudzaona ngati chiwerengero chija chikadali chomwecho.